Zip yakana kumasuka mutaidikira maola ambiri: musaifufute msanga

Funso la wowerenga: "Ananditumizira linki ya fayilo ya zip ya 1.8 GB momwe muli mavidiyo ndi mabuku a maphunziro anga. Intaneti ndimagwiritsa ntchito ya pa hotspot ya foni, ndipo ndi yochedwa kwambiri. Ndapanga dawunilodi kangapo. Browser imaonetsa kuti yamaliza, koma ndikati ndimasule, Windows imati 'The compressed (zipped) folder is invalid', pomwe WinRAR imati 'Unexpected end of archive'. Kodi kuchedwa kwa intanetiku ndiko kukuwononga fayilo? Ilipo pulogalamu yoikonza, kapena ndingoyambiranso? Data yandithera zedi."

Pepani ndi data yapitayo. Musanachite china chilichonse, musafufute mafayilo okanawo, ndipo ngati ena munawataya kale mu Recycle Bin, abwezeni. Uthenga wa WinRAR umene mwatchulawo ukusonyeza kuti fayilo inathera panjira. Zimene zinafika zili bwinobwino, chikusowa ndi gawo lakumapeto, ndipo seva ikalola, gawo limenelo mukhoza kulitenga palokha osalipiranso data ya zomwe muli nazo kale.

Kuchedwa kwa intaneti pakokha sikuwononga fayilo. Fayilo ikamabwera imadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo dongosolo lotchedwa TCP limawerenga ma byte onse motsatana. Kaphukusi kakasowa kapena kakafika kopunduka, limakaitanitsanso. Linki ikayamba ndi https pamakhalanso chitetezo china champhamvu kuposa chimenechi, moti byte imodzi ikasintha panjira kompyuta yanu imakana n'kudula kulumikizana, siilandira zolakwikazo mwakachetechete. Choncho byte yofika pa liwiro la 30 KB pa sekondi ndi yofanana ndendende ndi yofika pa 30 MB pa sekondi.

Chimene kuchedwa kumachita ndi kutalikitsa nthawi imene zinthu zingalakwike. Pa liwiro la 1 Mbps, lomwe ndi 125 KB pa sekondi, fayilo yanu ya 1.8 GB imafuna maola 4 osadukiza. Liwiro likatsika kufika pa 256 kbps ndiye maola oposa 15. M'maola onsewo pamafunika kuti netiweki isathawe, foni isazimitse hotspot, laputopu isagone, bandulo isathe, ndiponso seva ya kwinako, kompyuta imene ikukutumizirani fayilo, isakutsekereni. Mnzanu wa intaneti yothamanga amamaliza m'mphindi zochepa zonsezi zisanamupeze. Kwa inu, chimodzi chokha chikangochitika kamodzi, dawunilodi yaduka.

Nanga bwanji browser ikunena kuti yamaliza? Seva yochita bwino imanena kaye kukula kwa fayilo isanayambe kutumiza, pa mzere wotchedwa Content-Length. Browser ikadziwa nambala imeneyi, dawunilodi ikaduka imazindikira kuti zaperewera, imalemba kuti yalephera, n'kusiya fayilo yosamaliza. Ya Chrome dzina lake limathera ndi .crdownload, ya Firefox ndi .part. Koma pali maseva amene samanga zip pasadakhale. Amaimanga nthawi yomweyo mukadina batani, uku akumanga uku akutumiza, moti kukula kwake ngakhale iwo eni sakudziwa. Seva yotere nthawi yake ikatha imatha kutseka kulumikizana bwinobwino, browser n'kuona ngati zonse zafika. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: dawunilodi ikamayenda, browser imangoonetsa ma MB amene afika, osanena kuti onse ndi angati kapena kuti kwatsala mphindi zingati. Mukaona zimenezo pa intaneti yochedwa, dziwiranitu kuti ikadzati yamaliza simungaikhulupirire.

Chifukwa chimene kuperewera pang'ono kumatsekera fayilo yonse chili m'kapangidwe ka zip. Phil Katz pokonza mtundu umenewu mu 1989 anaika mndandanda wa zamkati kumapeto kwenikweni kwa fayilo, zomwe zinkathandiza kuti munthu aziwonjezeramo mafayilo ena popanda kulembanso zonse. Zili ngati buku limene tsamba la zamkatimu lili kumapeto: wina akang'amba masamba omaliza, mitu ikadalimo, koma wolifufuza sadziwa kuti uti ukuyambira pati. Pulogalamu yomasula imayambira kumapeto, kufunafuna kachidutswa kotsekera kamene nthawi zambiri ndi ka ma byte 22 basi. Ikakasowa, Windows imangoti fayilo ndi yolakwika, kaya chasowa ndi 1 KB kapena 1 GB. Mwamwayi, fayilo iliyonse ya mu zip ilinso ndi kamutu kake patsogolo pake, ndipo timitu timeneti titithandiza pansipa.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza, ndipo siidya data. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, muone mzere wa Size. Musayang'ane pomwe palembedwa GB. Yang'anani nambala yaitali ya ma byte ili pambali pake, ndipo musaisokoneze ndi ya Size on disk. Ma GB amanamiza, chifukwa Windows imawerenga 1 GB ngati ma byte 1,073,741,824 pomwe makompyuta a Mac ndi mawebusaiti ena amawerenga 1,000,000,000. Fayilo yomwe wotumiza akuti ndi ya 1.8 GB ikhoza kuoneka ya 1.67 GB kwa inu ili yathunthu. Mufunseni akuuzeni nambala ya ma byte ya fayilo ili kwa iyeyo, yonse osadula.

Poti mwapanga dawunilodi kangapo, muli ndi umboni wabwino kuposa mmene mukuganizira. Ikani makope onsewo pamodzi muwayerekeze. Ngati lililonse lili ndi kukula kwakekwake, lina 900 MB lina 1.3 GB, vuto ndi kuduka, ndipo sungani lalikulu kwambiri chifukwa ndilo tipitirize. Ngati onse aima pa nambala imodzi yomweyo koma yochepera ya wotumiza, netiweki musaiimbe mlandu, siiduka pamalo amodzi tsiku lililonse. Pali malire penapake. Mwina fayiloyo sinakwere yonse pa seva pomwe wotumiza ankaiika, naye intaneti itamudukira, kapena komwe mukuisunga kwadzaza. Amene amatsitsa mafayilo akuluakulu kuposa anuwa adziwenso kuti fulashi kapena memori khadi ya FAT32 siimalandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Ndipo ngati makope anu akufanana ndi nambala ya wotumiza mpaka byte yomaliza, kuyambiranso n'kungotaya data. Vuto lili kwina, ndifikako.

Nthawi zina fayilo imakhala yaing'ono modabwitsa, ma KB ochepa chabe, koma dzina lake likuthera ndi .zip. Imeneyo si zip ayi. Itsegulireni mu Notepad. Zip yeniyeni imayamba ndi zilembo PK, zoimira dzina la Phil Katz uja, ya RAR imayamba ndi Rar! ndipo ya 7-Zip imayamba ndi 7z, kenako zizindikiro zosawerengeka. Mukaona mawu oti DOCTYPE html kapena ziganizo zowerengeka, mwasunga tsamba la webusaiti: lokuuzani kuti mulowe ndi pasiwedi, loti linki inatha, loti bandulo yatha, kapena chenjezo limene Google Drive imaonetsa pa mafayilo akuluakulu loti siingawaunike ngati ali ndi mavairasi. Fayilo ya ma GB musaitsegule mu Notepad, ingomangitsa kompyuta.

Kenako ikani 7-Zip, pulogalamu yaulere ya Igor Pavlov yomwe kukula kwake sikufika ngakhale 2 MB. Dinani fayilo ndi batani lakumanja, sankhani 7-Zip kenako Test archive. Pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options. Ndimaikonda chifukwa imanena chimene chavuta. Ikati "Unexpected end of data", fayilo ndi yoduka. Ikati "CRC failed" pa fayilo imodzi kapena ziwiri zamkati, ndiye kuti mndandanda ulipo koma ma byte ena pakati asintha: zip imasunga nambala yotsimikizira ya fayilo iliyonse, yotchedwa CRC-32, ndipo zomasulidwazo sizikugwirizana nayo. Mafayilo enawo ali bwino, mukhoza kuwamasula. Ikati "Can not open file as archive", ndiye kuti chiyambi cha fayilo sichikudziwika, kapena ndi fayilo ya mtundu wa 7z yosowa mapeto, kapena si zip n'komwe.

Tsopano nkhani yopitiriza, yomwe ndiyo ingakupulumutsireni data. HTTP, dongosolo limene browser imalankhulira ndi seva, ili ndi njira yopemphera gawo chabe la fayilo: kompyuta yanu imauza seva kuti ma byte akutiakuti ndili nawo kale, yambirani apa. Seva yovomera imalemba Accept-Ranges: bytes, ndipo pempho lotere imaliyankha ndi nambala 206 m'malo mwa 200. Batani la Resume la mu browser limagwiritsa ntchito njira imeneyi, koma limaoneka pokhapokha browser ikadziwa kuti dawunilodi inalephera. Yanu ikuti inamaliza, ndiye batanilo palibe. Apa m'pamene curl, kapulogalamu kotsitsira mafayilo polemba lamulo, imathandiza. Imabwera kale mu Windows 10 kuyambira mu 2018, mu Windows 11, mu macOS ndi m'ma Linux ambiri. Koperani kaye fayilo yaikulu ija musunge pena, kuti zikalakwika mukhale ndi pobwerera. Tsegulani foda momwe muli fayiloyo, lembani cmd pa mzere wa adiresi pamwamba, dinani Enter kuti Command Prompt itseguke, kenako lembani:

curl -L -C - -o maphunziro.zip "linki yanu yonse apa"

Pomwe ndalemba maphunziro.zip ikanipo dzina lenileni la fayilo yanu, ndipo timizere totsekera linkito musatisiye. Chizindikiro cha -C ndi kamzere kotsatirako ndi zimene zikuuza curl kuti iyeze fayilo ilipoyo n'kupempha zotsala zokha. Ngati munafika pa 1.3 GB, data imene ipite ndi ya 500 MB yotsalayo basi. Ikadukanso, dinani muvi woloza m'mwamba pa kiyibodi, lamulo lomwelo libwerera, dinani Enter. Ipitiriza pomwe inalekera, kaya kangati. Gwiritsani ntchito Command Prompt monga ndanenera, chifukwa mu PowerShell yakale mawu oti curl amatsegula chinthu china chimene sichimva zizindikiro zimenezi. Ngati muli momwemo lembani curl.exe. Amene ali ndi wget, pulogalamu ina yofanana ndi curl, alembe wget -c -t 0 kutsogolo kwa linki, ndipo iyo imayeseranso yokha ikaduka.

Pali zoti musamale nazo. Seva ikakhala yosavomera kupitiriza, curl imalemba "Cannot resume" n'kuima, koma wget imatha kuyambira pachiyambi n'kulemba pamwamba pa zomwe munali nazo. N'chifukwa chake ndati musunge kope. Maseva omanga zip nthawi yomweyo aja ndiwo amakana kawirikawiri. Choipa kwambiri ndi pamene fayilo yasinthidwa pa seva pakati pa dzulo ndi lero. Curl siingadziwe zimenezo. Idzalumikiza mutu wa fayilo yakale ndi mchira wa yatsopano, kukula kudzakwanira, koma zamkati zidzakana. Palinso malinki amene amatha ntchito pakapita maola kapena masiku angapo. Linki ikatha, pemphani ina ya fayilo yomweyo, muiike m'lamulo lomwe lija osasintha dzina la fayilo. Onetsetsaninso kuti linkiyo ikulunjika pa fayilo yeniyeniyo, osati pa tsamba lokhala ndi batani la Download. Yolunjikayo mumaikopera pa mndandanda wa madawunilodi wa browser, womwe umatseguka mukadina Ctrl ndi J. Ngati webusaitiyo imafuna kuti mulowe ndi pasiwedi musanatsitse, curl payokha ikanizidwa, ndipo pamafunika pulogalamu yoyendetsa madawunilodi yolumikizidwa ndi browser yanu.

Pomwe dawunilodi ikuyenda, chotsani zodula zimene zili m'manja mwanu. Laputopu ikhale pamagetsi ndipo muiuze pa Settings kuti isagone. Sikirini izime ngati ikufuna, koma kompyuta ikagona kulumikizana kumafa. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa hotspot ya Wi-Fi, podukira pamachepa ndipo foni imachajidwa pomwepo. Zimitsani zosunga batire pa foni, muisiye pamalo amodzi pomwe netiweki imagwira bwino. Pa Windows chongani Metered connection kuti ma update asamalimbirane nanu netiweki yochepayo.

Mapulogalamu oyendetsa madawunilodi, monga Free Download Manager kapena aria2, ndi abwino chifukwa amayeseranso okha inu muli mtulo. Koma ine sindigwirizana ndi chizolowezi chowauza kuti adule fayilo m'magawo 16 kapena 32 nthawi imodzi. Zimenezo zimathandiza pamene seva ndiyo ikuchepetsa liwiro la kulumikizana kulikonse. Pamene chochepa ndi netiweki yanu, magawo ambiri amangolimbirana, ena n'kumaduka, ndipo maseva ena amakutsekerani akaona mwachulutsa. Gawo limodzi kapena awiri n'zokwanira. Dziwaninso kuti ambiri mwa mapulogalamuwa amasungiratu malo a fayilo yonse pa disiki, choncho fayilo yawo yosamaliza imaoneka yokwanira kukula pomwe mkati muli mipata yopanda kanthu. Yotereyo musaipitirize ndi curl. Ipitirizeni ndi pulogalamu imene inaiyamba.

Kukula kukakwanira koma fayilo n'kumakanabe, chofunika kudziwa n'chakuti kodi ili kwa inuyi ndi yofanana ndi ili kwa wotumiza? Izi zimadziwika ndi SHA-256, kuwerengera kumene kumatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64 kuchokera mu ma byte onse a fayilo. Byte imodzi ikasintha, mzere wonsewo umasinthiratu. Mu Command Prompt lembani:

certutil -hashfile maphunziro.zip SHA256

Pa Linux ndi sha256sum, pa Mac ndi shasum -a 256. Wotumiza achite chimodzimodzi pa fayilo yake, akutumizireni mzerewo pa uthenga wa pafoni. Opanga mapulogalamu monga Ubuntu ndi Debian amaufalitsa okha pamodzi ndi mafayilo awo. Mizere iwiriyo ikafanana, dawunilodi yanu ilibe mlandu: fayilo inawonongeka isanachoke kwa mwini wake, ndipo ngakhale mutaitsitsa pa intaneti yothamanga bwanji idzakanabe. Muuzeni ayese kuimasula iyeyo. Kumanga zip n'kutumiza osaiyesa kumachitika kwambiri.

Mizere ikasiyana pomwe kukula kukufanana, linki n'kukhala ya https, ine ndimayamba kukayikira zipangizo zili pafupi nanu kuposa netiweki. Choyamba ndi fulashi kapena memori khadi. Pali zachinyengo zimene zimalembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Zimalandira fayilo mosakana, kukula n'kuoneka bwino, koma zimene zapitirira malo enieniwo zimatayika. Pulogalamu yaulere ya H2testw imazigwira. Tsitsirani fayilo pa disiki ya mkati mwa kompyuta, muiyesere pomwepo, kenako ndiye muikopere kwina. Ngati ngakhale pa disiki ya mkati mafayilo akuluakulu osiyanasiyana akupereka CRC failed, ndipo mukayesa kawiri fayilo yomweyo cholakwikacho chikusuntha malo, yesani RAM, memori ya mkati mwa kompyuta, ndi pulogalamu ya MemTest86+. Izi sizichitikachitika, koma zikachitika munthu amatha data yambiri akukalipira netiweki. Onaninso malo otsala: kumasula kumafuna malo a zip ndi a zomasulidwazo, ndipo mukamakoka mafayilo ndi mausi kuchokera mu WinRAR kapena 7-Zip amayamba alembedwa mu foda ya Temp pa disiki C, yomwe ikhoza kukhala yodzaza.

Pali zina zomwe zimaoneka ngati kuwonongeka fayilo ili bwinobwino. RAR inasintha kapangidwe mu 2013 pomwe WinRAR 5.0 inatuluka, ndipo WinRAR yakale kuposa pamenepo imati mafayilo atsopanowa ndi owonongeka kapena osadziwika. Chomasulira chobwera ndi Windows 10 sichitha zip yotsekedwa ndi pasiwedi mwa njira ya AES. Pasiwedi yolakwika nthawi zina imatulutsa uthenga wa CRC kapena wa "Data error". Ndipo fayilo ikakhala ya magawo, monga .part1.rar, .z01 kapena .7z.001, magawo onse ayenera kukhala mu foda imodzi ndi maina awo enieni. Browser ikapeza kuti dzina lomwelo lilipo kale imawonjezera nambala pa dzina la kope latsopano, pulogalamu yomasula n'kusalizindikiranso ngati gawo la gululo. Kameneka kamagwira kwambiri anthu obwereza madawunilodi ngati inu.

Tinene kuti seva yakana kupitiriza ndipo data yoyambiranso palibe. Zimene zinafika mukhoza kuzipulumutsa chifukwa cha timitu tija. 7-Zip nthawi zambiri imatha kutsegula zip yoduka n'kumasula mafayilo onse amene anafika athunthu, n'kudandaula pa yomaliza yokha. Mu WinRAR sankhani fayiloyo mudine Alt ndi R. Idzayenda mu fayilo yonse kufunafuna timituto n'kupanga zip ina yokhala ndi mndandanda watsopano, dzina lake loyamba ndi rebuilt. Pa Linux ndi pa Mac, lamulo la zip -FF yoduka.zip --out yokonzedwa.zip limachita zomwezo. Pomasula mu WinRAR chongani Keep broken files, apo ayi imafufuta fayilo yodukayo. Kuti yodukayo igwire ntchito zimadalira mtundu wake. MP3 ndi MKV zimaseweredwa mu VLC mpaka pomwe zinadukira, koma ma MP4 ena amasunga mlozera wawo kumapeto ndiye satseguka, chimodzimodzi mafayilo a docx, xlsx ndi epub, omwe mkati mwake ndi ma zip nawonso. RAR yoduka imaonetsabe zimene zinafika, ndipo tar.gz imamasuka kuyambira pachiyambi mpaka podukira. Yovuta ndi 7z: mndandanda wake uli kumapeto, timitu totere mulibe, ndipo kawirikawiri mafayilo amafinyidwa onse pamodzi ngati chinthu chimodzi. Pamenepo njira ndi kumaliza dawunilodi basi.

Mapulogalamu ogulitsa olonjeza kukonza zip iliyonse musataye nawo ndalama. Palibe pulogalamu ingapange ma byte amene sanafike. Abwino mwa iwo amachita chomwechi cha WinRAR ndi zip -FF, pomwe ena ochokera m'mawebusaiti osadziwika amabwera ndi mavairasi. Kukonza kwenikweni kumatheka pokhapokha womanga fayilo anaikamo zokonzera pasadakhale, monga recovery record ya RAR, yomwe imabwezeretsa ma byte owonongeka molingana ndi kukula kwake. 500 MB yosowa siingaibweze. Mukapulumutsa zimene mungathe, lembani maina a mafayilo osowawo mupemphe amenewo okha.

Ngati fayilo ndi yofalitsidwa kwa anthu onse ndipo eni ake amaperekanso torrent, kafayilo kotsitsira kudzera pa BitTorrent, monga amachitira Ubuntu, Debian, LibreOffice ndi Internet Archive, pa intaneti yodukaduka njira imeneyo imaposa zonse. BitTorrent, yomwe Bram Cohen anatulutsa mu 2001, imadula fayilo m'zidutswa ndipo chilichonse chili ndi nambala yake yotsimikizira. Choipa chimatayidwa n'kutengedwanso chokha. Ikhozanso kumaliza fayilo yomwe munayamba ndi browser: tsegulani torrent mu pulogalamu ya qBittorrent, muiuze kuti isunge mu foda momwe muli fayilo yodukayo, dzina likhale lofanana, kenako dinani Force recheck. Idzasunga zidutswa zabwino n'kutsitsa zosowa zokha. Kumbukirani kuti torrent imatumizanso data kwa ena, ndiye chepetsani liwiro lokweza ndipo muiimitse ikangomaliza.

Fayilo yanu ndi ya munthu payekha, choncho chothandiza kwambiri chili m'manja mwa wotumiza, ndipo sichimutengera nthawi. Mupempheni aimangenso m'magawo. Mu 7-Zip, pa bokosi la Split to volumes alembe 100M, 1.8 GB ituluka m'magawo 18, lililonse la ma byte 104,857,600 kupatula lomaliza. Pa 1 Mbps gawo limodzi limatenga mphindi 14, ndipo likaduka mwataya gawo limodzilo lokha. Loperewera mumaliona ndi maso poyerekeza kukula. Ngati ali ndi WinRAR ndi bwino koposa, chifukwa pomasula imatchula gawo limene lawonongeka, ndipo akhoza kuwonjezeramo recovery record ya 3 mpaka 5 peresenti. Njira ina ndi mafayilo a PAR2, opangidwa ndi pulogalamu ngati MultiPar, omwe amakonza fayilo ya mtundu uliwonse malinga ngati zowonongeka sizikuposa kukula kwa zokonzerazo.

Koma ndikanakhala inu ndikanafunsa kaye ngati zip ikufunika n'komwe. Mwati muli mavidiyo ndi mabuku. MP4, JPG, MP3 ndi ma PDF ambiri ndi ofinyidwa kale, zip siiwachepetsa kwenikweni. Chimene yachita apa ndi kumangirira maphunziro anu onse pa dawunilodi imodzi ya maola 4, yomwe ikaduka zonse zimatsekeka. Mupempheni awaike osamanga mu foda ya pa Google Drive, OneDrive kapena Dropbox, inu muzitenga vidiyo imodzi imodzi, kuyambira imene mukuifuna sabata ino. Posankha, dinani fayilo imodzi payokha. Mukasankha foda yonse kapena mafayilo angapo nthawi imodzi, malowa amawamanganso mu zip nthawi yomweyo, ndipo zip yotereyo kawirikawiri siilola kupitiriza ikaduka.